Sikisi wa Atelala

"Nambala imeneyo situluka m'nyumba muno," anatero atelala, foni ataifumbata ngati wina akufuna kuwalanda.

"Ndiye ituluke iti?" anafunsa akazi awo. "Mwana wabaya chala inu mukuona, kamakina kanena naintini inu mukuona. Lembani naintiniyo mwana azipita kusukulu."

"Mayi, inu mukuona nambala. Ine ndikuona zimene zimabwera pambuyo pa nambala. Mwaiwala Lachiwiri lija? Ndinalemba seventini, moona mtima, ngati munthu wopemphera. Dzuwa lisanafike pamutu, njinga yamoto ija phuphuphu mpaka pakhonde panga, ine ndikuyeza mkwatibwi wa eni ake. Anesi kutsika ndi chikwama chawo choyera, osanong'ona ayi, koma mokweza: 'Bambo, kodi mwanayu mukumudyetsa chiyani?' Msewu wonse unamva. Mayi wogulitsa makala uja anabwera madzulo kudzatenga nsalu yake isanasokedwe, ati amaopa kuti shuga angalowe mu ulusi."

"Ndiye mwana adwale chifukwa cha mayi wamakala?"

"Ndani wati adwale? Jakisoni akubaya. Tiyi akumwa wopanda shuga, ife tonse tikumwa naye wowawa yemweyo. Chatsala n'chiyani? Nambala ndi nambala basi, siinachiritsepo munthu."

Mwana amene anali pakati pa mkanganowo anali atakhala pampando pafupi ndi chitseko, chikwama cha mabuku chili pamiyendo, akuyamwa chala chimene anabaya. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Bambo ake ankamutcha Kabatani kuyambira ali khanda, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka kusukulu. Anali ndi shuga wa ana uja, woti popanda jakisoni wa insulini katatu pa tsiku munthu sapita patali. Foniyo anapereka ndi achipatala kwa mabanja onse a ana otere. M'mawa ndi madzulo inkalira, kholo n'kulemba nambala imene kamakina koyezera magazi kaonetsa. Ikakhala yabwino, pafoni pankatuluka nyenyezi yobiriwira. Ikakhala yokwera, pankafiira, anesi n'kunyamuka. Papepala analemba kuti foni isungidwe ndi kholo lothandiza mwana, ndipo atelala sanaone chifukwa chofunsira kuti kholo limenelo ndi liti.

"Bambo, ndichedwa," anatero Kabatani.

"Mwaonatu, mwana akuchedwa chifukwa cha makani anu," anatero atelala kwa akazi awo.

Anadina sikisi. Foni inati tii, nyenyezi n'kutuluka, ndi mawu pansi pake: Mwachita bwino! Banja logwirizana, mwana wathanzi. Atelala anawerenga mokweza kawiri, kuti wamakutu amve.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero mayi aja akuchotsa makapu patebulo. Mwambiwo sanaumalize, koma nyerere zake aliyense anazimva.

"Ndipo iwe," atelala anatembenukira kwa mwana, "jakisoni wa masana uja usamabayire m'kalasi anzako akuona. Ana a masiku ano pakamwa mpoyabwa. Mawa udzafuna banja, anthu adzati uja wamajakisoni uja. Uzipita kuseri."

"Kuseri kwake kuti, bambo? Kuchimbudzi kumakhala mzere."

"Nzeru uli nazo, upeza pochitira."

Tisawanamizire atelala, mwana wawo ankamukonda. Anali munthu woti Kabatani akatsokomola kuchipinda, makina osokera ankaima pakhonde. Kungoti ankakondanso dzina lawo, ndipo zikondi ziwirizi zikakumana pakhomo lopapatiza, chimodzi chinkayenera kupatuka. Mumtima mwawo sankati akunama. Ankati akungopinda pang'ono, monga amachitira ndi buluku lotalika miyendo, ndipo ntchito imeneyo ankaidziwa bwino.

Kuyambira tsiku limenelo sikisi anakhala mlendo wa tsiku ndi tsiku. Nthawi zina ankalemba faifi, nthawi zina seveni, pakuti telala wanzeru sasokera mudzi wonse malaya amtundu umodzi. Nyenyezi zinandandalika pafoni mizeremizere. Njinga yamoto ya anesi inkadutsa pamsewu waukulu osakhota, ikuthamangira kwa mabanja ofiira, ndipo atelala ankaiperekeza ndi maso achifundo, kumvera chisoni makolo anzawo olephera kulera. Mayi wamakala anabweretsanso nsalu yake.

Sabata yachiwiri ili mkati, foni inalira m'mawa koma patebulo panalibe kamakina.

"Kabatani, kamakina kali kuti?"

"Kali m'kabati."

"Ndiye ukudikira chiyani? Foni yalira."

"Ndibayirenji chala, bambo, poti nambala mukuidziwa kale?"

Atelala anafunafuna mwano m'mawuwo koma sanaupeze. Mwanayo anangofunsa, maso ali pansi, milomo itauma ngati wachokera ulendo. Anamuyang'ana zala, nsonga zake zonse zili timadontho takuda ta masingano, ndipo chifundo chinawagwira.

"Chabwino, pumitsa zala lero," anatero. Analemba sikisi, ndipo tsiku lonselo anasoka akuimba mluzu, akudziona kuti ndi bambo womvetsa.

Amene ankaona zina anali mayi. Ndowa ya madzi akumwa imene inkakwana masiku awiri tsopano inkatha dzuwa lisanalowe. Kabatani akangofika kuchokera kusukulu ankathamangira kuchimbudzi, kutuluka, kumwa makapu atatu, kubwereranso. Mabuku ankawatsegula n'kugonera pomwepo. Ankadya ngati wolima, koma siketi ya yunifolomu anayamba kuimanga ndi kachingwe. Mayi akanena, atelala anali ndi yankho lokonzeratu: ndi kukula, ndi kutentha, ndi mayeso, atsikana a masiku ano amafuna kuoneka ngati bango.

Lachitatu la sabata yachitatu anesi anaimba foni. Atelala anasiya kolala ya malaya pansi pa singano n'kukayankhira kuseri kwa nyumba, kumene makasitomala sangamve.

"Bambo ake a Kabatani, ndimati ndikuthokozeni," anatero anesi ndi mawu awo okweza aja. "Ndili ndi mabanja oposa handiredi, njinga imodzi, msana umodzi. Onse akanakhala ngati inu bwenzi ndikugona masana. Masabata atatu osafiira ngakhale kamodzi! Ndinkaganiza zomuwonjezera mlingo wa insulini poti mwana akukula, koma ndi manambala awa tisakhudze chilichonse. Loweruka kuchipatala kuno kuli msonkhano wa makolo. Mubwere ndi mwanayo, mudzaime kutsogolo, mudzawauze anzanu chinsinsi chanu."

Mawu a mlingo aja anawalasa pang'ono atelala, koma mawu a kutsogolo aja anapakapo mafuta. Kumeneko kunalibe choopa, onse anali makolo a ana a shuga, ndipo pakati pa iwo wamkulu anali iwowo. Anabwerera pakhonde chifuwa chili patsogolo, natulutsa nsalu yamaluwa imene ankasungira tsiku lalikulu.

Madzulo anamuitana Kabatani kuti amuyeze diresi. Miyezo ya a m'nyumba mwawo ankaidziwa pamtima, chiuno cha mwanayo chinali twente sikisi pamene ankamusokera yunifolomu. Anazunguliza tepi. Twente filii. Anamasula, kuikutumula tepiyo, kuzungulizanso. Twente filii.

"Usakoke mimba."

"Sindikukoka, bambo."

Tsono pa nkhani ya tepi atelala anali munthu wina. Anathamangitsapo mayi wolemera amene ankafuna kuti amulembere chiuno chaching'ono, namuuza kuti tepi ilibe chibale. Anaima chilili, chala chili pa twente filii, akumva mafupa a m'chiuno mwa mwana wawo pansi pa dzanja.

"Lembani twente sikisi, bambo," anatero akazi awo ali pakhomo la kukhitchini. "Diresi likondwera. Mwina litulutsanso nyenyezi."

"Kabatani, pita ukawerenge."

Mwana atatuluka, mayi analowa n'kutseka chitseko.

"Mawa ndikupita naye kuchipatala."

"Mukanene chiyani? Kuti mwamuna wanu ndi wabodza? Kuti munthu amene amuitana kudzaphunzitsa anzake ndi tambwali?"

"Ndikanena kuti mwana wanga akutha ndikuona. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, koma m'nyumba muno zatembenuka. Nkhuyu mukudya ndinu, amene zikumupota ndi mwana."

"Mayi, pepani, khalani pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine sindine chitsiru, tepi ndaiona. Koma taganizani. Mukapita mawa, mukaima pamzere kuyambira m'mawa, akakufunsani tsiku lanu, akayang'ana pakompyuta, akakuuzani kuti a nyenyezi tsiku lawo ndi mwezi wamawa. Mukayamba kulongolola, nkhani ikafalikira chipatala chonse, Loweruka ine ndikaima bwanji? Pamene Loweruka tikupita konko ndi kale. Ndikatha kulankhula, ndidzawakokera anesi pambali, ndidzati mwana wayamba kuwonda, tamuonani. Adzamuwonjezera mankhwala mwakachetechete, aliyense ulemu wake uli pamutu. Masiku atatu okha."

"Pakadafunda padajiwitsa galu."

"Ndipo wothamanga anasiya nsapato m'matope. Masiku atatu, mayi. Ndakupemphani."

Amuna awo sanali opemphapempha, ndipo mwina n'chifukwa chake mayi aja anagonja. Anawerenga masikuwo pa zala, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka, nawaona kuti ndi ochepa. Atelala anadula nsalu pa twente filii, pakuti diresi silinamizidwa, ndipo foni itawalirira m'thumba analemba sikisi.

Loweruka kunacha bwino. Atelala anasita jekete, napukuta nsapato, nayamba kuyeserera pagalasi mawu amene akalankhule. Anali atafika poti kulera mwana wa shuga kumafuna kugwirizana pamene anamva kusanza kuchipinda.

Kabatani anali atagona chopinda pabedi, diresi latsopano lili pathupi, zipi isanatsekedwe. Anagwira mimba ndi manja onse awiri. Ankapuma mozama ndi mofulumira ngati wathamanga mtunda, ndipo mpweya wake unkanunkha ngati zipatso zoyamba kuola. Mayi anali atatulutsa kale kamakina m'kabati. Anamubaya chala, mwana osagwedezeka n'komwe. Kamakina kanaganiza, kanaganiza, koma sikanaonetse nambala. Kanangothwanima kusonyeza kuti shuga wapitirira pamene iko kamatha kuwerenga.

"Iwe, jakisoni wa masana wakhala ukubaya?" anafunsa mayi akumugwedeza phewa.

"Mzere umatalika," anayankha mwanayo maso ali otseka. "Belu limalira ndisanalowe."

"Kuyambira liti?"

Atelala anatulutsa foni nalemba nambala yaikulu kuposa zonse zimene foniyo inkalola. Kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu anaipempherera njinga yamoto kuti ibwere, ibwere ndi phokoso lake lonse, msewu wonse utuluke.

Foni inati tii. Sipanafiire. Panangotuluka mawu aulemu: Nambala iyi ikusiyana kwambiri ndi za masiku onse. Mwina mwadina molakwika. Musambitseni mwana m'manja, muyezenso pakatha ola limodzi.

"Yati chiyani?" anafunsa mayi.

"Sikukhulupirira."

"Mwaiphunzitsa bwino."

Atelala anaimbira anesi. Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka mipando ikukokedwa.

"Kabatani? Wa sikisi uja? Ayi bambo, musadandaule, timakina timeneti timazungulira mutu tikakalamba. Mwana wa sikisi dzulo madzulo sangalumphe chonchi. Wadya china chake chomutsegula m'mimba. Mupatseni madzi, mubwere naye, ndimuona msonkhano ukatha. Musachedwetu, anthu ayamba kufika."

Mpata wonena unali umenewo. Atelala anaulola kudutsa, ndipo anesi anadula foni kuti akalandire alendo.

Mayi anagwada kuti amubereke mwanayo, koma Kabatani anali atawapitirira msinkhu, miyendo inkakwekwereza pansi. Atelala anawakankhira pambali namunyamula okha kumsana, pamwamba pa jekete yosita ija. Mwanayo anapepuka kwambiri, ndipo kupepukako kunawaopsa kuposa kusanza.

Anatuluka naye dzuwa likuswa mtengo, msewu utadzaza. Mayi wamakala anaimirira ndi chitini m'manja. Ometa tsitsi anatuluka ndi lumo. Ana anasiya mpira n'kuwalondola. Aliyense ankafunsa kuti watani mwana, watani mwana, ndipo atelala, amene anatha masabata atatu akutseka nkhani imeneyi, ankangofuula akuthamanga:

"Shuga! Ndi shuga! Tapatukani!"

Kuchipatala mlonda anawauza kuti anesi a ana a shuga ali muholo. Atelala anakankha chitseko ndi phazi. Munali makolo okwana makumi asanu atakhala pamipando, ndipo bambo wina wovala tayi, wotsogolera mwambo, anawazindikira ndi tepi imene inali ikadali m'khosi mwawo.

"Awo afika! Tiwaombere m'manja bambo athu a nyenyezi! Taonani, mpaka kumubereka mwana!"

Holo yonse inaomba m'manja. Ena anaimba nthungululu. Atelala anaima pakati pa phokosolo, thukuta likutsika, mutu wa mwana utagwera paphewa pawo.

"Siyani!" anakuwa. "Siyani, ndinkanama! Anesi, sikisi uja ndinkalemba ndine. Panalibe sikisi ngakhale tsiku limodzi. Anali naintini, anali twente, kenako sitinkayezanso. Jakisoni wa masana sakubaya, ndinamuletsa ndine kubaya anthu akuona. Thandizeni, mwana wanga akufa."

Manja anasiya mmodzimmodzi. Anesi anadumpha mipando iwiri, namutsegula maso Kabatani, namununkhiza mpweya, ndipo nkhope yawo inasintha. Sanawakalipire atelala, analibe nthawi. Anangofuula kuti abweretse bedi lamateyala ndi madiripi awiri, ndipo analowa naye mwanayo kuwodi akuthamanga, mayi akuthamangira pambali atagwira phazi.

Atelala anatsala pabenchi ya pakhonde la wodi. Wotsogolera mwambo uja anabwera mwakachetechete, nawaika pamiyendo pepala lolimba lokhala ndi nyenyezi yagolide.

"Satifiketi yanu, bambo. Inasindikizidwa kale, sitingapatse wina."

Patapita nthawi makolo anayamba kutuluka muholo. Sanapite kwawo. Anaima pakhondepo timagulutimagulu, aliyense akuyang'ana foni yake ngati yamulakwira. Anesi atatulukira kudzatenga botolo lina, mayi wina wonenepa anawagwira mkono.

"Anesi, ndimati ndifunse. Ngati munthu, tinene mnzanga wina, ankalembako faifi pamene si faifi, mungabwere kwawo lero?"

"Mnzanuyo amakhala kuti?"

"Kwathu konkuja."

Bambo wina anatsokomola nati nayenso ali ndi mnzake wotero. Wachitatu sananene za mnzake, anangovala chipewa n'kuthamangira kukatenga mwana. Khoswe wa padenga anali ataulula a padzala. Anesi anawayang'ana onsewo, anthu amene nyenyezi zawo zinawapumitsa msana mwezi wonse, ndipo maso awo anadzaza misozi yaukali.

"Lembani mayina papepala," anatero. "Papepala, osati pafoni."

Dzuwa linapendeka atelala ali pabenchi pomwepo. Sanadye, sanamwe. Ankangoyang'ana chitseko cha wodi. Anachita manyazi, koma manyaziwo anali aang'ono pafupi ndi mantha, ndipo anadabwa kuti chinthu chaching'ono chotere ndi chimene anachigwadira masabata atatu. Mayi anatuluka kamodzi kukasamba kumaso, anadutsa osawayang'ana, nakakhala kumapeto kwa benchi yomweyo.

Cha m'ma folo anesi anatuluka akuvula magolovesi.

"Shuga wayamba kutsika. Watsegula maso, akulankhula. Adokotala ati mukanadikira ola limene foni inanena lija, bwenzi tikukamba zina. Agona kuno masiku angapo."

Atelala anaimirira, satifiketi n'kugwera pansi.

"Ndingamuone?"

"Waitana amayi ake."

Mayi ananyamuka n'kulowa. Atelala anaponya phazi kuti awatsatire, koma anesi anaika dzanja pachitseko.

"Ndinamufunsa za inu, bambo. Ndinati bambo ako ali panja, anakubereka okha kuchokera kunyumba."

"Ndiye wati bwanji?"

Anesi anatsitsa mawu, ndipo aka kanali koyamba atelala kuwamva akunong'ona.

"Wati muwauze kuti ndili bwino. Wati ndi zimene amakonda kumva."